Dzimbiri lichoke, mbiri itsale: kakonzedwe ka mfuti yakale ya 303

Ku Britain, America, Canada, Australia ndi South Africa kuli anthu amene Loweruka lawo limathera m'galaja, ataweramira mfuti imene inapangidwa agogo awo asanabadwe. Ena ndi alenje, ena ndi okonda mbiri ya nkhondo, ena amangokomedwa ndi chitsulo ndi mtengo zosulidwa bwino. Imene imafika kawirikawiri pa mabenchi awo ndi Lee-Enfield ya asilikali a Britain, ija ambiri amangoti 303 potengera kukula kwa chipolopolo chake. Zinapangidwa mamiliyoni, ndipo nkhondo zitatha maboma anazigulitsa pamtengo wozizira. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ananyamula mfuti za banja lomweli pa nkhondo ya Chiwaya, imene ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndiponso mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pano tikamba makamaka za mtundu wa Lee-Enfield wotchedwa SMLE No. 1 Mk III, umene unayamba ntchito mu 1907. Mpope wake ndi wa masentimita 64, imalemera pafupifupi makilogalamu 4, ndipo m'magazini mwake mumalowa zipolopolo 10.

Anthu a ntchitoyi amasiyanitsa kuteteza ndi kubwezeretsa. Kuteteza ndi kuimitsa dzimbiri ndi kuola kuti mfuti ikhale momwe ililimo. Kubwezeretsa ndi kubweza zimene zinachotsedwa kapena kuthyoka. Mfuti zambiri zimangofuna choyambacho. Koma wongoyamba kumene amafuna iwale ngati yatsopano, ndiye amatola sandipepa, bulashi ya waya ya pa galainda ndi chitini cha vanishi. Pofika madzulo zidindo za fakitale zafufutika, makona a mtengo abulungika, ndipo chimene chinapulumuka nkhondo ziwiri chafera pa benchi. Odziwa amayamba ndi njira yofatsa kuposa zonse, ndipo sachita chimene sangathe kuchibweza. Chitsulo chopalidwa sichimeranso.

Chiphaso, ndi kuona ngati m'kati mulibe kanthu

Kukalamba kwa mfuti sikuichotsa m'manja mwa lamulo. Ku Britain, mfuti yakale ya zipolopolo yosafuna chiphaso ndi imene inapangidwa pasanafike 1 September 1939, ikungosungidwa ngati chokongoletsa, ndipo chipolopolo chake chili pa mndandanda wa zimene zinatha ntchito. 303 palibe pa mndandandawo. Ku America malire ake ndi 1898. Ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la 2000 lili ndi chiphaso chapadera cha osonkhanitsa mfuti. Ku Malawi kukhala ndi mfuti popanda chiphaso ndi mlandu, choncho amene wapeza ya malemu agogo kudenga, ulendo wake woyamba ndi wa ku polisi, osati kwa wowotcherera. Kufufuta nambala ya mfuti, kapena kudzutsa imene inaphedwa dala kuti isaombenso, si mbali ya ntchitoyi kulikonse.

Pa 303 kuona ngati muli chipolopolo nkosavuta: chotsani magazini, tsegulani boliti (chitsulo chokoka ndi dzanja chimene chimatseka kumbuyo kwa mpope), yang'anani m'chipinda cha chipolopolo ndi kupisamo chala. Ngati boliti yagwira dzimbiri ndipo ikukana kutseguka, muitenge ngati yodzaza. Musaimenye ndi hamala kapena kuiyandikiza ku moto. Za gogodela ndiye zoopsa zedi, poti alenje ankazisunga atathiramo kale, ndipo wonga wakuda ukakhala pouma umayakabe ngakhale patapita zaka 100. Lowetsani ndodo kukamwa kwa mpope, nkhope ndi chikhatho zili pambali, mpaka itagunda. Lembani pamene yalekeza, kenaka igonekeni kunja motsata mpope. Ngati nsonga yake ikuperewera ndi masentimita awiri kapena kuposa kuti ifike pa kabowo koyatsira wonga, m'katimo muli kanthu, ndipo imeneyo ndi ntchito ya katswiri.

Muiwerenge musanaimasule

Jambulani zithunzi mbali zonse, ndipo lembani chidindo chilichonse. Zofunika kwambiri zili kumanja, pa chitsulo chimene thako la mfuti limalowamo, pansi pa chogwirira boliti. Pa za ku Britain pali korona, zilembo za mfumu, dzina la fakitale, chaka ndi mtundu. E.R. ndi Edward VII amene anamwalira mu 1910, G.R. ndi George. Fakitale ikhoza kukhala Enfield, BSA ya ku Birmingham kapena LSA ya ku London. Zina zinachokera ku Lithgow ku Australia ndi ku Ishapore ku India. Kanyenyezi kotsatira III kakutanthauza mtundu wofupikitsidwa wa nthawi ya nkhondo, wa m'ma 1915 ndi 1916, pamene anasiya kuika zoyang'anira za kutali za m'mbali ndi kachitsulo kotsekera magazini kuti ntchito ifulumire. Pa mfuti yotere, kusowa kwa zinthu zimenezi si chilema, ndipo amene amaziwonjezera akuinamiza.

Kamuvi kotambalala ndi chizindikiro cha katundu wa boma la Britain. Timivi tiwiri toyang'anizana nsonga tikutanthauza kuti boma linaigulitsa. FTR ndiye kuti inabwerera ku fakitale nkukonzedwa yonse, motero zitsulo za zaka zosiyana pa mfuti yotere si zachilendo. Chidindo choyenera kuchiopa ndi DP: asilikali anaiona kuti yatha, nkuisiyira ntchito yogubira basi. Imeneyo isaombedwe ngakhale ikuoneka yokongola bwanji.

Nambala ya mfuti imabwerezedwa pa thupi lake, pa mpope, kumbuyo kwa chogwirira boliti, pa chisoti chachitsulo cha kutsogolo ndi kunsi kwa choyang'anira chakumbuyo. Zonse zikagwirizana, mtengo wake pamsika umakwera. Koma nambala ya pa boliti ili ndi ntchito yoposa ya ndalama, chifukwa boliti iliyonse ankaiyenerezera mfuti yakeyake.

Zidindo zimaululanso zabodza. Amisiri a ku Khyber Pass, m'malire a Pakistan ndi Afghanistan, akhala akukopera pamanja mfuti za Martini-Henry ndi Lee-Enfield, zidindo ndi zonse. Amagwidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono: N wotembenuka m'dzina la Enfield, kapena zilembo za V.R. pa chaka chimene Mfumukazi Victoria anali atamwalira kale, poti iye anatisiya mu 1901. Chitsulo cha zimenezi sichidziwika kulimba kwake.

Sikulu imene imang'amba mtengo

Chida choyamba kugula ndi masikuludiraiva a okonza mfuti, amene mbali ziwiri za nsonga yake zimatsika mowongoka. A wamba a m'hadiweya nsonga yake imanka ikuonda ngati nkhwangwa, ndiye mukapanikiza imadumpha mumzere nkutafuna mutu wa sikulu. Nsonga idzaze mzere wonse, m'litali ndi m'lifupi momwe. Ngati palibe yokwana, palani sikuludiraiva ndi tupa mpaka ikwane. Nkhawa yonseyi ili ndi chifukwa: masikulu a No. 1 ali ndi mazinga a mtundu wa Enfield amene simungawapeze m'sitolo. Ikathyoka imodzi, muyenera kusaka yakale inzake.

Sikulu yokakamira imafuna masiku, osati mphamvu. Kolokosani litsiro mumzere, donthezani mafuta olowerera, ndipo muisiye masiku awiri kapena atatu mukuwonjezera. Ambiri amadzisakanizira okha, theka acetone theka mafuta a giyabokosi ya otomatiki. Ikani sikuludiraiva mumzere, gogodani pang'ono pa chogwirira chake kuti dzimbiri lisweke, kenaka yesani. Ikakanabe, gunditsani chowotcherera mawaya pamutu pake kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Moto wa gasi ayi.

Mukachotsa magazini ndi boliti, yambani ndi masikulu awiri a chisoti cha kutsogolo. Chikachoka, samalani kasipulingi ndi kachitsulo kake zimene zimabisala chapomwepo mumtengo wapansi, umene mpope umagonapo, zimadumpha nkusowa. Kenaka lamba wachitsulo wa pakati, timatabwa tiwiri tapamwamba, sikulu ya lamba wam'kati imene ili kunsi, ndi masikulu awiri a chotchinga choombera. Yakutsogolo yaikuluyo ndi imene imagwira mtengo wonse, ndipo imadutsa m'kapaipi kakafupi kamene kasatayike. Tsopano mtengo wapansi utsike mowongoka: gogodani ndi kathabwa chakumbuyo kwake, uku ndi uku mosinthana. Mukaugwira kumphuno nkuukoka ngati mukuthyola nzimbe, mumaphwanya mapewa awiri a m'kati mwake amene amalandira kukankha kwa mfuti ikaomba.

Thako limabwera pomaliza, ndipo apa ndi pamene ambiri amalira. Limagwidwa ndi sikulu yaitali imene mumaifikira potsegula kachitseko ka pa chitsulo cha kumapeto. Pa No. 1 nsonga ya sikuluyi ndi ya makona anayi, ndipo imakhala m'kachitsulo kamene kali kumbuyo kwa mtengo wapansi. Mukaipotokola mtengowo usanachoke, makonawo amakankha kachitsuloko ndipo mtengo umang'ambika, kumveka kuti thwa. Pobwezera ndi chimodzimodzi motembenuza: thako liyambe, makona a sikulu aime mowongoka, mtengo wapansi ubwere pambuyo.

Kuphika dzimbiri

Dzimbiri lofiira ndi lamoyo. Limamwa chinyezi nkumadyabe chitsulo chapansi pake. Mtundu wakuda umene fakitale inaika, ndi ubulawuni wosalala umene zaka zasiya, zimenezo ndi khungu la mfuti ndipo zitsale.

Choyamba ndi girizi wakale, amene pa mfuti zosungidwa m'nkhokwe za asilikali amakhala atauma ngati phula. Parafini ndi mswachi zimakwanira. Pa dzimbiri lapamwamba, pakani mafuta a mfuti, agonepo usiku, kenaka sisitani mopepuka ndi sitiluwulu wosalala kwambiri wa nambala 0000. Wotsukira mapoto uja ndi wokhakhala, amasiya mizere. Pukutani pafupipafupi, chifukwa dzimbiri lochokalo likasakanikirana ndi mafuta limasanduka ngati mchenga nkuyamba kupala mtundu. Pamene latukumuka ngati nkhanambo, palani ndi kachidutswa ka bulasi (chitsulo chachikasu) kapena mkuwa kophwatalala. Zimenezi ndi zofewa kuposa chitsulo, motero zimagwetsa nkhanambo osakanda; kamzere kachikasu kotsalira kamachoka ndi nsalu ya mafuta.

Dzimbiri likakhala paliponse, njira yabwino ndi imene imadabwitsa ongomva kumene: kuwiritsa chitsulocho m'madzi. Dzimbiri lofiira likawira limasanduka lakuda lotchedwa magnetite, limene limamatirira ndipo silidyanso, ndipo ndi lomweli limene limapanga mtundu wakuda wa mfuti. Ndiye m'malo mochotsa mtundu wakale, kuwiritsa kumauwonjezera. Zitsulo zikhale zopanda mafuta ngakhale pang'ono. Tsukani ndi acetone ndipo muzigwira ndi magolovesi. Madzi akhale osungunulidwa ku nthunzi kapena amvula oyera, poti a pampopi ndi a pachitsime amakhala ndi mchere umene umathimbiriritsa. Mpope ndi thupi lake zimafuna thanki lalitali ngati mita imodzi. Tizitsulo ting'onoting'ono timakwana mumphika wakale. Ziwire mphindi 30 mpaka 45. Mukazivuula zimauma zokha ndi kutentha, zitakutidwa ndi fumbi lakuda ngati mwaye. Sisitani fumbilo ndi sitiluwulu yemwe uja, koma mutayamba mwamutsuka mu acetone chifukwa amabwera ndi mafuta a kufakitale. Pamene pakuonekabe kufiira, wiritsaninso. Kawiri kapena katatu nthawi zambiri zimatha. Pomaliza viikani m'parafini usiku wonse kuti madzi obisala m'mazinga ndi m'makona atuluke, kenaka pakani mafuta. Kutentha kwa madzi owira sikufooketsa masipulingi. Chimene sichilowa m'thankimo ndi mtengo, ndipo pa mfuti zimene asilikali anazipaka penti wakuda, dziwani kuti pentiyo akhoza kusupuka, pamene nayenso ndi mbali ya mbiri yake.

Viniga, asidi ndi mankhwala ochotsa dzimbiri a m'sitolo sasiyanitsa dzimbiri loipa ndi mtundu wabwino. Amadya zonse, nkusiya chitsulo chotuwa ngati phulusa. Njira ya magetsi nayonso imatero, motero isungireni zitsulo zimene zilibiretu mtundu, monga zofukulidwa pansi. Imayenda motere: supuni imodzi yaikulu ya washing soda pa malita 4 a madzi, waya wakuda wa chaja cha batire pa chitsulo chokonzedwacho, wofiira pa chitsulo china chachabe, ziwirizo zisagundane. Chachabecho chisakhale stainless, chifukwa chimatulutsa poizoni wa chromium m'madzi. Chitani panja, poti pamatuluka mpweya woyaka, ndipo masipulingi asalowemo chifukwa amauma mtima nkumathyoka.

Timaenje timene dzimbiri lasiya tisiyeni. Kutipala mpaka tithe ndi kuonda chitsulo chonse chozungulira, ndipo kutidzaza ndi kuwotcherera kumasintha kulimba kwa chitsulo. Yang'anitsitsani makamaka kunsi kwa mpope kumene kunabisika ndi mtengo, chifukwa ndi kumene madzi ankakhala. Mfuti imatha kuoneka bwino pamwamba, kunsi ili yodyeka ngati chisa cha njuchi.

Ngati mtundu unatheratu ndipo mwatsimikiza kuubwezeretsa, njira yapang'onopang'ono ndiyo imafanana ndi yakale: kupaka mankhwala odzetsa dzimbiri mopyapyala, kusiya pachinyezi kwa maola angapo mpaka pafiire, kuwiritsa, kusisita, nkubwereza kasanu kapena kakhumi. Mankhwala a m'kabotolo odetsa chitsulo pompopompo ndi a mutu wa sikulu basi. Pa mpope wonse amachita mawangamawanga, sachedwa kuchoka, ndipo wogula wodziwa amawamva ndi fungo.

M'kati mwa mpope

Mipope yambiri ya 303 ndi yakuda m'kati chifukwa cha zipolopolo za asilikali za nthawi imeneyo. Kakapu koyatsa wonga kanali ndi potassium chlorate, amene akapsa amasiya mchere wokoka chinyezi. Mafuta sasungunula mchere, amangoukwirira. Nchifukwa chake asilikali ankathira madzi owira kudzera m'fanelo kuchokera kumbuyo kwa mpope. Yambani chomwecho inunso, muumitse ndi tinsalu, kenaka mankhwala otsukira mpope ndi bulashi ya bulonzi pa ndodo imodzi yosalumikiza, kulowera kumbuyo nthawi zonse. Kansalu kakatuluka kobiriwira, ndi mkuwa wa zipolopolo umene ukusungunuka. Mankhwala okhala ndi ammonia asakhalemo kupitirira mphindi 15.

Mpope wakuda si wakufa. Bola mizere isanu ya m'kati ikuonekabe. Zoipa ndi zina. Kankhani kansalu kothina pang'onopang'ono: kakafika pena nkupepuka mwadzidzidzi kenaka nkuthinanso, pamenepo mpope unatupa, mwina unaombedwa muli dothi. Kukamwa yang'anani ngati mbali imodzi inadyeka. Msilikali ankatsuka ndi chingwe chokoka, ndipo waulesi ankachikoka chopendekera, chingwe chamchenga nkumapala mlomo tsiku ndi tsiku. Musabowole kapena kupala m'kati ndi sandipepa pa diliro.

Mtengo

Za ku Britain zoyambirira ndi za mtengo wa walnut, zapambuyo beech. Za ku Lithgow zambiri ndi za coachwood, umene suchedwa kung'aluka, ndipo nchifukwa chake ankaika timapuleti tachitsulo chofiira pa mapewa a m'kati aja. Fakitale sinkapaka vanishi. Inkamwetsa mtengo mafuta a linseed aawisi, ndipo kufiirira kokoma kwa mtengo wakale ndi mafuta amenewo atakalamba. Mukakupala, sikubweranso m'moyo wanu.

Chizindikiro cha mfuti yopalidwa ndi chosabisika. Pa yosakhudzidwa mtengo umatuluka pang'ono kuposa chitsulo pamene zakumana. Pa yopalidwa chitsulo ndicho chimatuluka, ndipo chala chimakodwa pa mlomo wake. Sandipepa asayandikire. Tsukani ndi nsalu yonyowa ndi tapentaini, kagawo kamodzi panthawi, mukusintha nsalu ikada. Madzi ambiri, sopo wamphamvu ndi mankhwala otsukira uvuni zimatupitsa mtengo, kufufuta zidindo ndi kuusiya wotuwa. Ngati wina anapakapo vanishi, mankhwala osungunula penti ndi kachopalira ka pulasitiki zimamuchotsa popanda kudya mtengo.

Vuto lalikulu ndi mafuta a makina amene analowa kwa zaka zambiri, makamaka pafupi ndi chitsulo, pamene mtengo umada nkufewa ngati chinkhupule. Ukulungeni m'nyuzipepala, ikani m'jumbo lakuda, nkuuika padzuwa. Ola lililonse tulutsani, pukutani thukuta lakudalo, sinthani mapepala. Zimatenga masiku angapo. Pamene pakanika, pakani phala la choko chopera ndi acetone. Likauma limayamwa mafuta nkusanduka lachikasu, ndiye mumalisasa ndi kubwereza.

Pobonyoka pamadzuka ndi nthunzi: kansalu konyowa kopinda, nsonga ya simbi yotentha, masekondi 5 mpaka 10, kubwereza. Zimatheka ngati mtengo unangopsinjika. Ngati unadulika, palibe chodzuka. Musayandikire zidindo, chifukwa nazonso ndi zobonyoka ndipo nthunzi imazifafaniza. Kunena zoona, ambiri mwa mabala amenewa ndi abwino kuwasiya. Mfuti ya msilikali yopanda chipsera imaoneka yonama.

Mng'alu ndiye sungasiyidwe, poti umakula. Guluu sagwira pa mafuta, choncho utseguleni pang'ono, thiranimo acetone kangapo, uume tsiku lathunthu. Pakani phula m'mbali kuti wotayikira asamatirire, lowetsani guluu wa epoxy wouma pang'onopang'ono, osati wa mphindi zisanu, ndipo mangani ndi malegeni, amene amafinya mbali zonse mofanana popanda kusiya chipsera ngati kalampa. Osunga zakale m'myuziyamu amakonda guluu wa chikopa chifukwa amamasuka ndi madzi ofunda. Pa mfuti yongoonetsa, ameneyo ndiye woyenera. Mapewa a m'kati akaphwanyika amasemedwa nkuikamo tizidutswa ta mtengo wolimba, ndipo iyi ndi ntchito yoyesa nkuchotsa kambirimbiri mpaka mtengo ulowe mothina. Mukaona sikulu yopingasa mumtengo wapansi patsogolo pa magazini, makamaka pa zochokera ku India, musaichotse: ndi asilikali anaiika kuti mtengo usang'ambike.

Timabowo tozungulira totulutsa ufa ndi chizindikiro chakuti mtengo ukufumbwa. Umangeni m'pulasitiki yosalowa mpweya, ukhale mufiliza pa madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo potulutsa muusiye m'pulasitikimo tsiku lonse kuti thukuta ligwere kunja.

Pomwetsa mafuta, ulendo woyamba sakanizani theka linseed theka tapentaini kuti alowe. Pakani pang'ono ndi chikhatho mpaka pafunde, dikirani mphindi 20 kapena 30, pukutani onse otsala pamwamba, nkusiya tsiku limodzi kapena awiri. Maulendo atatu mpaka asanu ndi okwanira. Mukasiya ochuluka amachita nomenome nkumagwira fumbi kwa miyezi. Nsalu za linseed zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja chotambasula kapena ziviikeni m'madzi.

Zosowa, ndi funso loti iombe kapena ayi

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ma 303 ambiri anadulidwa mtengo wakutsogolo nkutayidwa chisoti kuti apepuke posaka nyama. Ngati mpope sunadulidwe ndipo thupi silinabowoledwe, yotere imabwerera mwakale ndi mtengo wina ndi zitsulo zake. Sakani za fakitale ndi nthawi yofanana, ndipo yembekezerani kusema, chifukwa mtengo wa Enfield sungolowa. Kawirikawiri ndalama zake zimaposa mtengo wa mfuti yathunthu. Chosaloledwa pakati pa osonkhanitsa ndi kudinda nambala pa chitsulo chatsopano kuti chioneke ngati chobadwa nacho.

Vuto la zosowa limakula pa mfuti zosulidwa pamanja. Mu 2003 makampani a International Military Antiques ndi Atlanta Cutlery anagula nkhokwe ya zida ya Lagan Silekhana ku Kathmandu, Nepal, mmene munali mfuti zoposa 50,000, kuphatikizapo Martini-Henry, Snider ndi Gahendra yopangidwa komweko. Zambiri zinagulitsidwa zosatsuka, zili ndi girizi ndi fumbi la zaka, ndipo anthu ambiri anaphunzirira ntchitoyi pa zimenezo. Anapeza kuti za ku Britain zimasinthana zitsulo, pamene za ku Nepal sikulu ya imodzi imakana pa inzake, ndipo chitsulo chake ndi chosadalirika. Odziwa amazipachika pakhoma basi.

Ya 303 yoti ikaombedwe iyambe yaonedwa ndi wokonza mfuti wovomerezeka. Iye amayeza mpata wa pakati pa nkhope ya boliti ndi pokhala mkombero wa chipolopolo. Muyezo wa asilikali unali wakuti boliti itseke pa geji ya 0.064 inchi ndipo ikane pa ya 0.074, kusiyana kwa kota ya milimita basi. Mpata ukakula, chikhokho cha chipolopolo chimatamuka nkuduka, ndipo mpweya wamoto umabwerera kumaso. Amaonanso ngati mano onse awiri a boliti akugunda mofanana, ngati chotsekera choletsa mfuti kuomba mwangozi chikugwira, ndi kuya kwa timaenje pafupi ndi chipinda cha chipolopolo. Mfuti za wonga wakuda, monga Martini-Henry ya 1871 ndi zifefe za mipope yopota yotchedwa Damascus, sizinapangidwire mphamvu ya wonga wamakono. Ku Britain nkhani imeneyi ili m'manja mwa nyumba ziwiri zoyesa mfuti, ya ku London ndi ya ku Birmingham imene inakhazikitsidwa mu 1813.

Posungira

Chinyezi cha m'chipinda chikhale pa 45 mpaka 50 peresenti. Chikakwera dzimbiri limabwerera, chikatsika kwambiri mtengo umachita ming'alu. M'kabati yotseka ikanimo silica gel, womwa chinyezi, ndipo muzimuumitsa akakhuta. Chikwama cha siponji kapena cha chikopa si mosungira, chifukwa chimagwira chinyezi, ndipo chikopa chikagundana ndi bulasi chimabala dzimbiri lobiriwira. Pa mfuti yongoonetsa, phula lopyapyala ngati Renaissance Wax, limene linayambira ku British Museum, limaposa mafuta poti silitsetsereka kapena kugwira fumbi. Ya mafuta iime chozondoka, mlomo pansi, kuti asatsikire m'thako nkuyambanso kufewetsa mtengo umene munauumitsa padzuwa.

Lembani pa kapepala tsiku, zimene mwachita, guluu amene mwagwiritsa ntchito ndi chitsulo chilichonse chimene si chobadwa nacho. Kakapindidwa bwino kamakwana m'kachitseko ka ku thako, pambali pa kabotolo ka mafuta ndi chingwe chotsukira.